Amisiri otikonzera nyumba yakale pa Chitakale: nyenyezi zinayi mwa zisanu

Nyumba yathu ndi ya pamdadada wakale pa Chitakale, ndipo chimene chinkatisowetsa mtendere ndi chinyezi. Kuno ku Mulanje mvula sichita manyazi, koma chidutsireni namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, khoma la kuchipinda linangoda ndi nkhungu, pulasitala n'kumayoyoka.

Amisiriwa ndawapatsa ulemu chifukwa sanabwere ndi mtima wogumula. Wina amene tinayamba kumufunsa ankati tizule mafelemu onse, tiike a aluminiyamu. Mkulu wa gululi anangopala pang'ono felemu la chitseko ndi mpeni n'kundinunkhitsa. "Mayi, uwu ndi mkungudza, chiswe sichiudya. Mukautaya simudzaupezanso." Sananame, mtengowu ndi wotetezedwa ndipo m'phiri la Mulanje unatsala pang'ono kutheratu. Anangoukwecha n'kupaka vanishi, fungo lake mpaka pano likumveka pabalaza.

Njerwa za khoma lomwe anagwetsa kukhitchini anazipala bwinobwino n'kumangira bafa. Pamene zinaperewera anaika mabuloko a simenti, sitinaotche uvuni wodya nkhuni zambirimbiri. Za chinyezi zija, anakumba ngalande kuseri kwa nyumba, madzi a padenga n'kuwalondolera mu thanki. Makoma anapaka laimu, akuti penti ya mafuta imatsekera chinyezi m'kati. Ine ndinkaona ngati akutibwezera ku zachikale, koma dzinja lonse lapitali khoma lija lakhala louma, ndipo madzi a m'thanki ndi amene tikuchapira ndi kuthirira mpiru.

Nyenyezi imodzi ndawachotsera pa magetsi a sola amene anatiikira. Kukakhala dzuwa, mababu a LED, mafoni ndi TV zimayaka popanda vuto. Koma anthu a konkuno akudziwa bwino chiperoni cha mu Juni ndi Julayi, pamene chifunga chimakuta phiri masiku otsatizana. Nthawi imeneyo batire imatha ana asanamalize homuweki. Akanatiuza poyamba pomwe, tikanaonjezera panelo m'malo mothamangira matailosi. Zinyalala za ntchito nazonso anazisiya pakhomo mpaka aneba anayamba kudandaula.

Amene muli ndi nyumba yakale ku Mulanje kapena ku Thyolo, amisiriwa atengeni ndithu. Mungogwirizana polemba kuti atsuka pamalo akamaliza, ndipo sola ayiyeze ndi nyengo ya chiperoni, osati dzuwa la mu Okutobala.