Kasitolo ka Mabaibulo pa Nchalo: kolona ya amayi ndi Buku Loyera langa

Pa Nchalo, mukadutsa poima a kabaza n'kulowera chakumsika, pali kasitolo kogulitsa Mabaibulo, mabuku a nyimbo, makolona ndi nsalu za amayi a m'mipingo. Chikwangwani chake chinafufutika ndi dzuwa, koma mukafunsa kwa bambo ogulitsa Mabaibulo aliyense akulozerani. Ndafikako katatu. Ulendo woyamba ndi umene sindiuiwala.

Ndinapita kukafuna kolona. Ya amayi inapita ndi madzi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamodzi ndi mphasa, mapoto ndi mapira onse a m'nkhokwe kwathu ku Nsanje. Za mapotozo sanadandaule kwenikweni. Koma madzulo aliwonse ndinkawaona atakhala pakhonde akuwerengera Tikuoneni Maria pa zala, ndipo mtima unkandiwawa.

Ndinalowa m'sitolomo ndi manyazi. Ine ndinabatizidwa ndili khanda, ndinakulira ku mphakati, koma zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo ndinachoka mu Chikatolika n'kulowa mpingo wa chipentekosite, kumene ndinamva kuti ndikupemphera ndi pakamwa pangapanga. Palibe anandinyenga, ndinasankha ndekha, ndipo mpaka lero ndili komweko. Amayi anakhala miyezi itatu osanditchula dzina. Atayamba kundiyankhula anangoti, "Mwana wanga, watisiya." Ndiye taganizani munthu wotere akusankha kolona masana dzuwa likuswa mtengo, pa msika pomwe abale a ku mpingo amadutsa.

Bambo a m'sitolomo sanandifunse kuti ndimapemphera kuti. Anangoti, "Mukufuna ya mtengo kapena ya pulasitiki, mayi?" Ndine ndinayamba kudzifotokoza kuti si yanga ayi, ine si Mkatolika. Iwo anati, "Ndi ya mayi anu, eti? Basi asankhireni yolimba." Anandiletsa ya tcheni yonyezimira imene ndinaloza, akuti ndi thukuta la kuno ku chigwa imachita dzimbiri msanga n'kuduka. Anandipatsa ya mikanda ya mtengo yotungidwa pa chingwe, yotsikirapo mtengo. Ananena zoona: ikadali yonse, mikanda yake yangoda ndi kugwiridwa.

Ndikudikira chenji maso anagwera pa shelefu ya Mabaibulo. Langa linali Buku Lopatulika, lija linatuluka mu 1922, limene abusa athu amalalikira. Bambowo anatsitsa lina, Buku Loyera la 1998, n'kundiuza kuti limeneli Akatolika ndi mipingo ina anamasulira pamodzi, ndipo lilipo la mitundu iwiri, lina lokhala ndi mabuku monga Tobiti ndi Yuditi amene Akatolika amawerenga, lina lopanda. Anatsegula Salimo 23 m'mabuku onse awiri n'kuwayala pa kauntala. Pamene Buku Lopatulika likuti Yehova, Buku Loyera likuti Chauta.

Ndinaima chilili. Dzina limenelo ndinalimva koyamba pakamwa pa agogo, amayi a amayi anga, amene sanabatizidwe mpaka kumanda. Mvula ikachedwa, mapira akupsa m'munda, iwo ankasonkha nawo nsembe yopita ku Khulubvi, kwa Mbona, ndipo ankatiuza kuti kumeneko munthu amavala nsalu yakuda ndipo nsapato amavula. Ankatchula Chauta mwapansipansi, akuomba m'manja. Amayi anazisiya zimenezo ali mtsikana n'kupita kwa ansembe, agogo osafuna. Nkhaniyi ndinkaidziwa kuyambira kale, koma ndinali ndisanaiikepo pambali pa yanga. Ku mpingo kwathu za ku Khulubvi timazitcha za mdima, ndipo ine nsembe kumeneko sindingakapereke. Komabe kuona dzina limene agogo ankaitana litasindikizidwa m'Baibulo kunandichotsa kunyoza kumene ndinali nako pa iwo. Ndinagula bukulo ndi ndalama imene ndinasungira ndiwo za sabata.

Chichewa chake n'chomwe timayankhula. Makalata a Paulo amene ndinkangodumpha ndinayamba kuwamva bwinobwino. Pa mapemphero ndimatengabe Buku Lopatulika kuti ndizitsatira pamene abusa akuwerenga, koma kunyumba ndimatsegula linalo.

Zolakwika ziliponso, ndisabise. M'sitolomo mumatentha ngati mu uvuni, denga ndi la malata lopanda siling'i, ndipo mabuku a pamwamba zikuto zake zinapindika. Fumbi la mumsewu limalowa, choncho tsegulani buku muone masamba musanalipire. Ndalama za pa foni salandira, ulendo wachiwiri ndinachita kubwerera kwa ejenti. Zilembo za Baibulo limene ndinagula ndi zazing'ono kwa munthu wamkulu wowerengera pa tochi, ndipo la zilembo zikuluzikulu analibe. Mtengo ndi wokwererapo kusiyana ndi ku Blantyre, koma mukawerengera ya minibasi kukwera mapiri a pa Thabwa ndi kubwerera, kugula pompano kuli bwino. Kwa ine chachikulu n'chakuti pa kauntala imodzi ndaonapo mayi a Mvano, mnyamata wa kwaya ya Chikatolika ndi mbusa wa chipentekosite, onse akulandiridwa mofanana, wopanda womunyengerera kuti asinthe mpingo.

Kolonayo ndinakapereka Loweruka lotsatira. Amayi anaipsompsona, n'kuikulunga pa dzanja, osanena kanthu. Usiku titadya nsima ya mapira ndinatulutsa Baibulo lija n'kuwawerengera Salimo 23. Nditafika pa Chauta anandigwira pa bondo.

"Bwerezanso pamenepo."

Ndinabwereza. Anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Agogo ako ankatero." Atatero anayamba kolona yawo, ine ndikupemphera m'njira yanga pa mphasa yomweyo, udzudzu ukulira.

Ulendo wachitatu ndinapita kukafunsa ngati angandipezere Buku Loyera la zilembo zikuluzikulu, lokhala ndi Tobiti ndi Yuditi, loti amayi aziwerenga okha. Bambowo analemba pa kope lawo ndipo anati ndikafunsenso akabwera kuchokera ku Blantyre kumapeto a mwezi.