Diff lock kapena traction control: chimakutulutsani m'matope ndi chiti?

Dzinja likafika, funso ili limabweranso pakati pa ife oyendetsa mapikapu. Wina amati galimoto yopanda diff lock ndi yoyendera m'tauni basi, wina amati zakale zimenezo, masiku ano kompyuta ya m'galimoto imachita zonse kudzera mu traction control. Ndayendetsapo za mitundu yonse iwiri pa katondo woterera, pa makande komanso pa mchenga wa kunyanja, ndipo ndaona kuti ambiri timakangana tisanamvetse chimene chimatitimiritsa.

Vuto limayambira mu difu, bokosi la magiya limene limagawira matayala mphamvu ya injini. Pokhota, tayala lakunja limayenda mtunda wautali kuposa lam'kati, ndiye difu wamba amalola kuti matayala awiri a pa ekisero imodzi azizungulira pa liwiro losiyana. Pa phula zimenezi n'zabwino. Koma difu yemweyo amagawa mphamvu mofanana mbali zonse ziwiri, ndipo muyezo wake ndi tayala limene lagwira pansi mofooka. Tayala limodzi likalendewera m'mwamba, linzake lili pa nthaka youma limalandiranso kamphamvu kochepa komweko. Mukaika 4H kapena 4L (magiya oyendetsa matayala onse anayi, 4L ndiyo ya mphamvu zambiri pa liwiro lochepa) pa Hilux kapena D-Max, mwamangiriza kutsogolo ndi kumbuyo, koma kumanzere ndi kumanja kukadali kotayirira. N'chifukwa chake galimoto yolembedwa 4x4 imatha kuima pa kangalande kakang'ono kodutsa mopingasa, tayala lakutsogolo kumanzere ndi lakumbuyo kumanja zikungozungulira chabe, anthu a m'mudzi akudabwa.

Diff lock imathetsa zimenezi mwankhanza koma mosaphonya. Imakiya mashafuti awiri a ekiseroyo kukhala ngati chitsulo chimodzi, matayala onse awiri n'kumazungulira limodzi, kaya lina lili m'mwamba kaya ayi. Siyembekeza kuti tayala literereke kaye. Ubwino wake waukulu uli pamenepo: mumakwera chitunda cha miyala pang'onopang'ono, injini ikulira motsika, osadumphadumpha. Amene ananyamulapo matumba a feteleza kapena mabelo a fodya pa msewu wokumbika ndi madzi akudziwa kuti galimoto yolemera sifuna kugwedezedwa. Ikayamba kudumpha ndi pamene masipuling'i ndi mashafuti amathyoka.

Traction control imayenda njira ina. Imagwiritsa masensa a ABS, chida choletsa matayala kuuma mukaponda buleki, kuwerenga liwiro la tayala lililonse. Ikaona limodzi likuthamanga kuposa anzake, imaligwira ndi buleki. Popeza difu amagawa mofanana, tayala loterereka likaumitsidwa, linzake lija limalandira mphamvu yokwanira kukankha galimoto. Mumamva kukukuta pansi ngati chinachake chikuphwanyika, koma ndi mmene imagwirira ntchito. Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri n'choti dalaivala akamva phokosolo amachotsa phazi. Musachotse. Iyo imafuna tayala lizungulire kuti idziwe pogwira, ndiye phazi likhale pamodzimodzi, moto wapakatikati, mudikire masekondi angapo.

Apa pali chosokoneza china. Traction control ya pa msewu wa phula imadulanso mphamvu ya injini, ndipo mu mchenga kapena m'matope akuya zimenezo ndi zomwe zimakukhazikani pansi, chifukwa pamenepo mukufuna liwiro lisaduke. Ya m'tchire, monga A-TRC ya pa Hilux zimene zinayamba kutuluka mu 2015, imagwira mabuleki osakuphani moto mukakhala pa 4L. Choncho munthu akati traction control inamutitimiritsa ku Senga Bay, mufunseni ngati anali pa giya iti ndiponso ngati anazimitsa yodula injini ija.

Zofooka zake zilipo ndithu. Mabuleki amatentha mukaivutitsa nthawi yaitali, ndipo ikatentha imadzizimitsa yokha kwa kanthawi, mwina muli pakati pa chitunda. Waya wa sensa ukaduka ndi chitsa kapena ukadzaza matope, getsi la ABS n'kuyaka, ndiye kuti zonse zagona. Mapikapu ambiri ogula kachiwiri amayenda miyezi ndi getsi limenelo lili chiyakire, eni ake osadziwa kuti chowathandiza m'matope chinafa kalekale.

Diff lock nayo si mngelo. Ekisero yokiyidwa imakana kukhota, imakankha galimoto kupita molunjika. Pa makona othina ngati a msewu wa Golodi pokwera ku Livingstonia, mukaisiya yoyaka mudzalimbana ndi chiwongolero pachabe uku matayala akukwekweseka. Choopsa kwambiri ndi msewu wopendekera mbali wa katondo wonyowa. Ndi difu wamba, tayala limodzi likaterereka linzake limakhala ngati chikhomo chogwira galimoto. Mukakiya, onse awiri amaterereka pamodzi ndipo kumbuyo kumatsetserekera m'ngalande. Ineyo zinandichitikira tsiku lina ndikuchokera ku maliro, ndili ndi anthu kumbuyo. Ndinadina batani ndikuganiza kuti ndikudziteteza, kumbuyo kwa galimoto n'kuyamba kutsika chammbali. Tinatuluka bwino, koma mpaka lero ndikaona msewu wopendekera dzanja langa silipita pa batanilo.

Tsopano mfundo imene ndikufuna anzanga muigwire, chifukwa ogulitsa galimoto saitchula kawirikawiri. Pa mapikapu ena, mukayatsa diff lock ya kumbuyo, traction control imazima yonse. Ndiye kuti mwapeza matayala awiri okiyidwa kumbuyo koma kutsogolo mwabwerera pa difu wamba wopanda womuthandiza. Pa mtundu wa Hilux umene unayamba kutuluka mu 2015 ndi mmene zilili, ndipo ABS nayo imazima nthawi imeneyo. Ford Ranger inasankha mosiyana: kumbuyo kukakiyidwa, mabuleki amapitiriza kuthandiza kutsogolo, ndiye matayala onse anayi ali ndi chowayang'anira. Isuzu D-Max ya 2020 inabwera ndi diff lock koma nayo inkazimitsa traction control, mpaka pamene anaikamo batani la Rough Terrain Mode pa zotuluka pambuyo pake. Magalimoto atatuwa amapangidwa pafupi nafe ku South Africa, Hilux ku Durban, Ranger ku Pretoria, D-Max ku Gqeberha, ndipo ndi omwe adzaza m'misewu yathu, koma batani lofanana dzina silichita zofanana.

Kodi ndiye kuti Ranger yapambana? Pa mfundo imeneyi yokha, inde. Koma A-TRC ya Hilux imagwira msanga kwambiri moti pa malo ambiri okumbika ndimaona kuti imayenda bwino osakiya n'komwe. Pa Hilux ndimayamba ndi 4L yokha, ndimakiya pokhapokha katundu ali wambiri kumbuyo ndipo chitunda chili cholunjika, pamene kulemera konse kwakhalira matayala akumbuyo. Dziwaninso kuti pa Hilux batani limeneli limamvera muli pa 4L basi, mutaima kapena mukuyenda ngati wa pansi. Getsi lake likamaphethira ndiye kuti sinalowe. Sunthani pang'ono, pindani chiwongolero pang'ono, lidzakhazikika. Musaidine tayala lili mkati mozungulira mwamphamvu, mano ake amasweka.

Land Cruiser 79 ili m'gulu lakelake chifukwa zambiri zimakhala ndi loko kutsogolo ndi kumbuyo komwe, yoyamba kulowa ndi yakumbuyo. Mukakiya zonse ziwiri imakwera pamene simungakhulupirire, koma chiwongolero chimauma ndipo kukhota kumakhala kwa mavuto. Triton yokhala ndi Super Select ili ndi difu wachitatu pakati, wolola kuyenda ndi matayala anayi ngakhale pa phula wonyowa. Anthu ena amasokoneza kukiya kwa pakati kumeneku ndi diff lock ya kumbuyo. N'zosiyana. Kukiya pakati kumangoifikitsa pamene Hilux imakhala ikaikidwa 4H.

Kwa amene muli ndi pikapu yakale yopanda zonsezi, zoikitsa zilipo, monga ARB Air Locker yoyendera mpweya kapena Eaton ELocker yoyendera magetsi. Mtengo wake si wamasewera, ndipo pamafunika makaniko wodziwa kukhazika magiya a difu bwinobwino.

Pa makande a ku Chigwa cha Shire, mvula itagwa usiku wonse, zonse ziwiri zimathera pamodzi. Matope amamatirira tayala mpaka kukhala losalala, onse anayi n'kumazungulira mofanana. Traction control siona tayala loti iligwire, diff lock imangokukumbirani dzenje mwachangu mpaka mimba ya galimoto itakhala pansi. Pamenepo chothandiza ndi matayala a mano akuluakulu, kuchepetsako mpweya, khasu ndi chingwe.

Nditati ndikugula lero, ndingasankhe yokhala ndi zonse ziwiri, ndipo ndisanalipire ndingaipititse pa ngalande yopingasa, tayala limodzi lakutsogolo lilendewere, ndikiye kumbuyo, ndimvetsere ngati mabuleki akutsogolo akukukuta. Ikakhala yogula kachiwiri, ndingaonetsetsenso kuti getsi la ABS likuyaka potsegula kiyi kenako n'kuzima, ndiponso kuti loko ikulowadi, chifukwa ikakhala zaka osadinidwa kamota kake kamauma ndi dzimbiri.