Zipika za bowa wa shiitake zomwe ndinagula kumpoto kwa Johannesburg

M'mwezi wa Marichi ndinagula zipika zitatu za mtengo wa oak pa nazale ina kumpoto kwa Johannesburg, zitabooledwa kale, mbewu ya bowa wa shiitake itaikidwa m'mabowomo ndi kumatidwa ndi phula. Kwathu bowa ngati utale ndi manyame timakazula kutchire mvula ikagwa, choncho ndinali ndi chidwi choona bowa wochokera ku Japan ndi China ameneyu akumera pakhonde panga.

Zipikazo n'zabwino ndithu. Makungwa ake anali osasupuka, zinali zolemera posonyeza kuti mkati muli chinyezi, ndipo kumapeto kwake kunkaoneka mawanga oyera a mbewu yomwe yayamba kuyanga. Ndinakondweranso kuti wogulitsayo anandiuza kumene mitengoyo inadulidwa, popeza kachilombo koboola mitengo ka shot hole borer kawononga mitengo yambiri ya oak mumzinda uno, ndipo kamafalikira ndi nkhuni zomwe anthu amanyamula.

Chomwe chinandikhumudwitsa ndi kapepala ka malangizo, kamene kanangoti zipikazo ziikidwe pamthunzi ndi kuwazidwa madzi mwa apo ndi apo. Malangizo oterewa angathandize kumene mpweya uli wachinyezi, koma Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo m'Seputembala, mitengo ikamaphukira mvula isanayambe, mphepo youma ija imaumitsa chipika mpaka kung'aluka m'masiku ochepa. Chimodzi mwa zitatuzo chinayamba kusupuka makungwa ndisanazindikire vutolo. Ziwiri zotsalazo ndinaziviika m'madzi ozizira kwa maola 24 kuti bowa ayambe kumera (madzi a pampopi ndinayamba ndawagoneka m'ndowa kuti mankhwala a klorini achepe), kenako ndinaziimika pa njerwa kummwera kwa nyumba kumene dzuwa silifika, kuti chiswe ndi nkhono zisazifikire. Patapita sabata imodzi, timitu tofiirira tinatuluka, ndipo ndinakolola bowa wonunkhira, wolimba ngati nyama, amene anakoma kwambiri wotendera.

Mukakolola, chipikacho chimafunika kupuma kwa milungu 6 mpaka 8 musanachiviikenso, ndipo mfundo yofunika chonchiyi m'kapepalamo munalibenso.

Kwa amene ali ndi kamalo ka mthunzi komanso mtima wodikira, ndikuvomereza kuti agule, popeza chipika chosamalidwa bwino chimabereka kwa zaka zitatu kapena kupitirira. Koma asachoke pa nazalepo asanafunse tsiku lomwe mbewuyo inaikidwa, chifukwa kuviika chipika mbewu isanayange mokwanira n'kungotaya madzi.