Barcode ya GS1, nambala yotchipa ya pa intaneti, kapena QR: tiike iti pa paketi?

Amene tikulongedza uchi, jamu wa nanazi, makademiya okazinga kapena tiyi wa m'mapaketi kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo timakodwa pamalo amodzi tikafuna kuti katundu achoke pa Chitakale kapena pa Bvumbwe n'kukalowa m'sitolo yaikulu ku Blantyre. Wogulira sitolo amatembenuza botolo, kulawa asanalawe n'komwe, n'kufunsa kuti barcode ili pati. Mukayamba kufufuza mumapeza njira zingapo, ndipo aliyense amayamikira yake.

Timizere takuda ta barcode tija ndi kalembedwe chabe koti makina awerenge nambala ili pansi pake. Mtengo wa katundu mulibemo, umakhala mu kompyuta ya sitolo. Ndiye poyerekeza njirazi, funso lenileni ndi lakuti nambalayo ndi ya ndani, ndipo inalembedwa m'kaundula wa ndani.

Njira imene masitolo a dziko lonse amaidziwa ndi ya GS1, bungwe lomwe likulu lake lili ku Brussels ndipo linatenga dzinali mu 2005, la ku Ulaya ndi la ku America atakhala amodzi. Dongosololi ndi lakale: katundu woyamba kudutsa pa sikana anali chingamu cha Wrigley's mu 1974, ku Troy m'boma la Ohio. Pa paketi yogulitsa mmodzimmodzi pamaikidwa barcode yotchedwa EAN-13, ya manambala 13. Atatu oyambirira amasonyeza ofesi ya GS1 imene inapereka nambalayo: 600 ndi 601 ndi South Africa, 616 ndi Kenya, 620 ndi Tanzania. Sasonyeza komwe katundu anapangidwa, choncho tiyi wothyoledwa ku Thyolo akhoza kukhala ndi 600 popanda bodza lililonse. Kenako pamabwera chigawo cha kampani yanu, chigawo cha katunduyo, ndi nambala yomaliza imene imachokera pa masamu a 12 enawo, kuti wolemba pamanja akaphonya imodzi makina akane.

Kuipa kwake ndi ndalama ndi mapepala. Kawirikawiri pamakhala ndalama yolembetsera ndi ina ya chaka ndi chaka, ndipo mukalembetsa ku ofesi ya kunja ndiye kuti mukusaka ndalama zakunja. Komanso katundu aliyense amafuna nambala yake: uchi wa magalamu 250 ina, wa 500 ina, jamu wa nanazi ina, wa mapeyala ina. Koma nambalayo imakhala yolembedwa m'dzina la bizinesi yanu, ndipo wogula wa ku Johannesburg kapena ku London akaifufuza m'kaundula wa GS1 amapeza inuyo.

Apa ndi pamene nambala zotchipa za pa intaneti zimasiyanirana ndi za GS1. Pali makampani amene amagulitsa nambala imodziimodzi, kulipira kamodzi basi, chithunzi n'kubwera tsiku lomwelo. Zambiri mwa nambalazi zinadulidwa pa zigawo zakale zimene makampani a ku America anatenga kalekale. Pa sikana zimalira bwinobwino, ndipo m'sitolo imene sifufuza zambiri mukhoza kugulitsa nazo osaona vuto. Koma m'kaundula mumatuluka dzina la kampani ina imene simunaimvepo, ndipo misika ina, monga wa pa intaneti wa Amazon, imayerekeza nambala ndi kaundula wa GS1 n'kukana zosagwirizana. Kuli ngati kudzala tiyi m'munda wobwereka: masamba mudzathyola ndithu, koma tsiku la mlandu mulibe pogwira. Mukadzasintha nambala mtsogolo, malebulo onse otsala amatayidwa ndipo sitolo iliyonse iyenera kulembanso katundu wanu. Kwa ine, amene akuyembekeza kuti katundu wake adzadutsa pa Mwanza kapena pa Muloza asayambe ndi njira iyi.

Pali njira ina imene ambiri saitchula chifukwa palibe amene amadyerapo. GS1 inasiya manambala oyamba ndi 20 mpaka 29 kuti masitolo azigwiritsa ntchito mkati mwawo. Sitika imene sikelo ya sitolo imatulutsa pa nyama kapena tomato imayamba ndi 2, ndipo imeneyo, mosiyana ndi ya pa paketi ija, imatha kunyamula kulemera kapena mtengo. Ngati mukupereka katundu ku sitolo imodzi ndipo eni ake avomera kumata okha sitika, simulipira kanthu. Mukangotuluka pakhomo la sitoloyo nambala yafa.

QR, kachithunzi ka mbali zinayi kodzaza ndi timadontho takuda, ndiye imasokoneza achinyamata athu, chifukwa kupanga kwake n'kwaulere ndipo foni yamakono iliyonse imawerenga. Inapangidwa ku Japan mu 1994 ndi kampani ya Denso Wave kuti azilondolera zipangizo za galimoto, imanyamula zambiri kuposa timizere, ndipo imawerengekabe ngakhale itakalika pang'ono. Pa botolo la uchi ndi yabwino kutengera wogula ku tsamba losonyeza ming'oma m'mphepete mwa phiri, kapena ku WhatsApp ya bizinesi. Koma QR yongonyamula adiresi ya tsamba siuza kompyuta ya sitolo kuti ameneyu ndi katundu wanji, ndipo masikana akale a kuwala kofiira saiona n'komwe. GS1 ikulimbikitsa kuti pofika kumapeto kwa 2027 masitolo azitha kuwerenga QR pa kauntala, koma QR imeneyo ndi ya GS1 Digital Link, yomwe mkati mwake muli nambala ya GS1 yomwe ija. Ndiye QR sikupulumutsani ku kulembetsa. Iikeni pambali pa EAN-13, osati m'malo mwake.

Posindikiza ndi pamene timaluza ndi nambala yabwinobwino. Kukula kwake koyenera ndi pafupifupi mamilimita 37 m'lifupi ndi 26 m'litali, ndipo mukaichepetsa isatsike pansi pa 80 peresenti ya kukulaku. Kumanzere ndi kumanja kusiyidwe malo oyera, osakongoletsamo maluwa. Mizere ikhale yakuda, kapena yabuluu woderako, pa pepala loyera. Mizere yofiira imasowa pa kuwala kofiira kwa sikana. Pa kabotolo kakang'ono kozungulira, igonekeni mizere ngati makwerero kuti isapindike ndi botolo. Ndipo inki ya pulinta ya kunyumba siigwirizana ndi chinyezi cha kuno: chiperoni chikagwa masiku angapo, lebulo imafufuma, mizere iwiri n'kukhala umodzi. Ndi bwino kulipira osindikiza enieni kapena kupeza pulinta ya malebulo, ndipo musanasindikize ambiri pitani ndi lebulo imodzi yomata kale pa botolo mukayese pa sikana ya sitolo, osati pa foni.

Pa katoni pali kusankha kwina, pakati pa mitundu iwiri ya barcode, ITF-14 ndi GS1-128. ITF-14 ndi ya manambala 14, mizere yake ndi yonenepa, imakhala ndi mpanda wakuda, ndipo imapirira kusindikizidwa pa katoni yofiirira yeniyeniyo. Imangonena kuti muli katundu wakuti, basi. GS1-128 imalankhula zambiri: manambala otsogolera amauza makina chimene chikubwera, 01 ndi katundu, 10 ndi gulu lopangidwira limodzi, 15 ndi tsiku loti akhale atadyedwa, 17 ndi tsiku lothera. Imafuna lebulo yoyera, ndipo imasintha gulu lililonse, ndiye pulinta ikhale yanu. Pa chakudya ine ndimakondera GS1-128, chifukwa mtedza wa gulu limodzi ukapezeka ndi chuku mumaitanitsa makatoni a gulu lomwelo okha, osati katundu yense.

Tiyi wopita kunja m'matumba akuluakulu, kaya wadutsa pa okushoni ya ku Limbe kaya wagulitsidwa mwachindunji, amadziwika ndi dzina la esiteti, nambala ya invoisi ndi giredi monga BP1 kapena PF1. Kontena ili ndi nambala yakeyake ya ISO 6346, zilembo 4 ndi manambala 7. Izi sizilowa m'malo mwa EAN-13, monganso chizindikiro cha MBS, bungwe loona za miyezo ya katundu, sichilowa m'malo mwake: china chimanena za ubwino wa katundu, china chimangonena kuti katunduyo ndi uti.

Kwa alimi a njuchi kapena a tiyi amene ali m'kopaletivu, mtolo wa ndalama umapepuka ngati katundu akutuluka ndi dzina limodzi, chifukwa nambala imatsata mwini dzina la pa lebulo. Kopaletivu ilembetse m'dzina lake, osati la tcheyamani, ndipo mlembi asunge kaundula wa nambala iliyonse ndi katundu amene inapatsidwa, kuti ina isaperekedwe kawiri.