Nyale za hexagon m'galaja yopolishira galimoto: zimawala ndithu, koma zokanda zimabisala

Nyale za LED zolumikizana ngati zisa za njuchi, zimene ogulitsa amazitchula kuti hexagon, zafala m'magalaja otsukira ndi kupolisha galimoto. Seti imene anthu amagula kwambiri imakhala ndi zisa 14 kapena 15 ndi mzere wa machubu wozinga m'mphepete, ndipo imadzaza denga la mamita pafupifupi 4.8 m'litali ndi 2.4 m'lifupi, malo a galimoto imodzi. Kuwala zimawala, ndipo galimoto yopolishidwa kale imaoneka bwino kwambiri pa chithunzi cha pa Facebook. Koma ngati mukuzigula kuti muziona timizere tozungulira timene timatsala pa penti chifukwa chotsuka ndi nsanza yamchenga, ndalama zanu zipita pachabe.

Chifukwa chake n'chosavuta. Kamzere kokandika kamaoneka pamene kuwala kwamphamvu kukuchokera pamalo amodzi aang'ono, monga dzuwa kapena tochi. M'mphepete mwa kamzereko mumanyezimira, penti yonse yozungulira n'kukhala yakuda, maso n'kusiyanitsa. Nyale za hexagon zimathira kuwala kuchokera mbali zonse nthawi imodzi, kudzera m'pulasitiki woyera amene amakufewetsa, choncho timizere timadzazidwa ndi kuwala n'kusowa. Boneti yakuda imaoneka yatha kupolishidwa, koma mwini wake akangoitulutsa padzuwa la masana, timizere tozungulira tija (ma swirl) ndi mizere yosiyidwa ndi makina opolishira a rotary zonse zili poyera.

Pali ntchito ziwiri zimene nyalezi zimachita bwino. Mizere yowongoka ya machubu ikaonekera pa penti imapindika pamene chitsulo chinalowa m'kati kapena pamene penti inapoperedwa mokhakhala, motero malo amene anawongolapo kale mumawaona msanga. Zimathandizanso popaka ceramic coating, mankhwala amene amauma n'kuteteza penti, pakuti malo amene mankhwala atsalira osapukutidwa bwino amaoneka ngati mthunzi wamafuta pa kuwala kofewa, pomwe tochi yamphamvu imawabisa.

Pa bokosi muziyang'ana manambala awiri. Yoyamba ndi CRI, imene imasonyeza mmene nyale imaonetsera mtundu weniweni wa chinthu poyerekeza ndi dzuwa, lomwe lili pa 100. Maseti otchipa ambiri ali cha m'ma 80, pamene ntchito ya penti imafuna 90 kupita m'mwamba. Pa 80, fenda yopentedwanso yofiira imatha kuoneka yofanana ndi chitseko, chikhalirecho zasiyana. Yachiwiri ndi Kelvin (K), imene imasonyeza ngati kuwala kuli kofiirira kapena kopita ku buluu. Ma hexagon ambiri amabwera pa 6500K, kuwala koyera kopita ku buluu, kumene kumatopetsa maso mukagwira tsiku lonse ndiponso kumaphimba zolakwika pa galimoto zoyera ndi zasiliva. Ngati wogulitsa ali ndi 5000K, tengani imeneyo.

Vuto lalikulu ndi la m'mbali mwa galimoto. Kuwala kochokera kudenga kumagwera pa boneti, padenga la galimoto ndi pa buti. Zitseko, mabampala ndi m'munsi mwa zitseko, momwe muli phula ndi zokanda zambiri, zimakhala mumthunzi, ndipo mukawerama kuti mupolishe, mutu wanu womwe umatchinga kuwala kotsalako. Kuwonjezera zisa kudenga sikuthetsa zimenezi.

Pa za magetsi, seti ya galimoto imodzi imadya mawati apakati pa 500 ndi 700, zonse pa swichi imodzi. Magetsi akathima n'kudalira inverter, katundu ameneyo ndi wolemera, makamaka makina opolishira akamafunanso gawo lawo. Machubu amapatsirana moto kudzera m'tizolumikizira tapulasitiki, ndipo kabuku kake kamanena chiwerengero cha machubu amene waya mmodzi angadyetse. Okhoma akapyola chiwerengerocho pofuna kusunga waya, tizolumikizira toyandikira polowera moto timatentha n'kupsa, mbali imodzi n'kuyamba kuphethira. Maseti ambiri satetezedwa ku madzi, ndiye musawaike pamene mumapopera ndi pressure washer. Komanso pansi pa malata opanda siling'i, kutentha kwa mu October kumafupikitsa moyo wa LED. Siyani mpata pakati pa malata ndi nyale.

Ndalama zomwezo zingagwire ntchito yoposa mukazigawa patatu. Kudenga ikani machubu a LED a mamita 1.5, otsekeka ku fumbi ndi madzi, olembedwa IP65. Kuwerengera kwake ndi uku: galaja ya mamita 6 ndi 4 ndi masikweya mita 24, kuti pa galimoto pafike ma lux 800 (muyeso wa kuwala kofika pamalo) pafunika ma lumen 19,200 (muyeso wa kuwala kotuluka m'nyale), koma poti pafupifupi theka limathera m'makoma ndi m'denga, gulani okwana 35,000. Ngati chubu chimodzi chikutulutsa 6,000, machubu 6 akwana. Ayaleni mizere iwiri motsata litali la galimoto, molunjika m'mbali mwake osati pakati penipeni, kuti kuwala kutsetsereke pa magalasi ndi zitseko. Makoma apakeni penti yoyera yosanyezimira. Khoma la njerwa kapena simenti yosapenta limameza kuwala kochuluka.

Kenako m'makoma a m'mbali, machubu awiri mbali iliyonse, ogonekedwa chopingasa pa mita imodzi kuchokera pansi. Akhale ndi swichi yawoyawo.

Gawo lachitatu ndi limene limapeza zokanda: nyale ya diso limodzi yoimika pa miyendo itatu, ya mawati 20 kapena 30, ndi tochi yam'manja. Musatenge floodlight ya timaso tambirimbiri, chifukwa imachita zomwe hexagon imachita. Kampani ya ku Denmark ya Scangrip imapanga tochi ya Sunmatch ya ma lumen 500 ndi CRI ya 96, ndipo za masiku ano zimasinthika kuchokera pa 2500K kufika pa 6500K. Kuwala kofiirira kumaonetsa zolakwika pa penti yoyera ndi yasiliva, koyera kumathandiza pa yakuda. Mtengo wake ndi woboola m'thumba, koma ngakhale tochi wamba ya LED ya diso limodzi imaposa denga lonse la hexagon pa ntchito imeneyi.

Poyang'ana, zimitsani nyale zakudenga. Pukutani malo amene mwapolisha ndi IPA (sipiriti wa isopropyl alcohol) yosakaniza ndi madzi, chifukwa mafuta a polishi amadzaza timizere n'kukunamizani kuti mwamaliza. Gwirani tochi masentimita 40 kapena 50 kuchokera pa penti, muziyendetsa pang'onopang'ono, maso ali pa penti yozungulira kadontho ka kuwala osati pa kadonthoko. Mukatero sinthani mbali imene tochi ikuchokera, pakuti kamzere kamene kagona motsata kuwala sikaoneka.

Nyengo yadzinja, mukamapaka coating madzulo, tsekani chitseko musanayatse chilichonse. Ngumbi zimathamangira kuwala koyera, ndipo imodzi ikatera pa coating yosauma, pamalopo pamafunika kupolishanso.

Hexagon ndi yoyenera kuchipinda choperekera galimoto kwa kasitomala ndi kujambulira zithunzi, ngati machubu a m'makoma ndi tochi muli nazo kale.