Tochi ya Anduril 2 ku Senga Bay: ubwino wake uli poichepetsa kuwala

Ndaipatsa nyenyezi 4 mwa 5.

Ndimakonza injini za maboti ku Senga Bay kuno ku Salima, ndipo ntchito yambiri imandipeza kukada, nthawi imene asodzi a chilimira akukonzeka kulowa m'madzi, kapena mbandakucha akamakocheza ndi usipa. Tochi imene ndikunenayi imayendera pulogalamu yotchedwa Anduril 2, ndi yaing'ono, yolowa m'thumba la ovolosi, ya batire limodzi la 18650, yotchajira pa USB-C, batani lake limodzi lili m'mbali. Pabokosi analemba kuti imafika ma lumen 2000 (lumen ndi muyeso wa kuwala). Anandiitanitsira pa intaneti ndi alamu anga a ku Lilongwe, ndipo ndagwira nayo ntchito kuyambira nyengo ya mwera mpaka kutentha kwa Okutobala ndi Novembala. Ndalama yake ingagule matochi a pamsika angapo.

Ngati funso lanu ndi lakuti kodi imawala, inde imawala. Ukaitsegula yonse uli pagombe umaona boti limene lamangidwa kutali, zingwe zake zomwe. Koma wogula tochi yotere chifukwa cha 2000 yo akhumudwa msanga. Kachitsulo kakang'ono chonchi sikangasenze moto wochuluka motero kwa nthawi yaitali. Mutu wake umatentha, tochi n'kuyamba kudzichepetsa yokha pofuna kudziteteza. Sikuti yaonongeka, anaipanga dala choncho. Chimene ndalama yanga inagula ndi pulogalamu ili m'katimo.

Kuseri kwa LED, kababu kotulutsa kuwala, kuli kabolodi kotchedwa driver, kamene kamayeza moto wochoka ku batire. Pakabolodipo pali kachipu ka mtundu wa ATtiny, ndipo m'kachipumo ndi mmene mwakhala pulogalamu ija, kapena kuti firmware, yotchedwa Anduril 2. Anailemba ndi munthu wodziwika ndi dzina la ToyKeeper, ndipo ndi yaulere, aliyense akhoza kuiwerenga n'kuisintha. Makampani ngati Sofirn, Wurkkos ndi Emisar amaiika m'matochi awo ena. Tochi ya pamsika wa Kamuzu Road imakupatsa zitatu basi: kuwala kwambiri, kuwala pang'ono, kenako kuphethira kuja kumene palibe anakupempha. Anduril ili ndi milingo 150 ya kuwala, ndipo ndiwe mwini wake amene umasankha poyambira, pothera, ndi masitepe angati pakati pake. Zonsezi umachita ndi batani limodzi lomwelo, popanda kompyuta.

Ikamabwera imakhala pa dongosolo lophweka limene amalitcha Simple UI. Kuti uyambe kusintha zinthu uyenera kulowa ku Advanced UI: tochi ili yozima, udine ka 10, komalizako osachotsa chala. M'kabuku amalemba 10H. Chilembo H ndi kudina komaliza kogwirira, pomwe C ndi kudina wamba. Ukangomvetsa zimenezi kabuku konse kamayamba kumveka.

Choyamba chimene ndinasintha ndi kakwereredwe. Tochi ili yoyaka, ukadina katatu imasintha pakati pa kukwera mosalala ndi kukwera mwa masitepe. Kukwera mosalala n'kosangalatsa poonetsa anzako, koma pantchito ine sindikufuna. Manja ali ndi oyilo, boti likugwedezeka, mwini wake wakuimira pamutu kuti anzake apita kale, ndiye uzisakasaka mlingo woyenera ndi chala? Ndinasankha masitepe. Kenako, ili yoyakabe, 7H imakulowetsa kosinthira. Uli chigwirire batani, tochi imaphethira kamodzi, kenako kachiwiri, kenako kachitatu. Ukasiya pa kuphethira koyamba ukusintha malire a pansi, pa kwachiwiri malire a pamwamba, pa kwachitatu chiwerengero cha masitepe. Ukasiya, kuwala kwake kumayamba kunjenjemera, kudikira nambala, ndipo umadina mpaka nambala imene ukufuna ikwane, n'kuisiya kuti isunge.

Malire a pansi n'ngosavuta, kudina kamodzi ndi mlingo 1, kudina ka 10 ndi mlingo 10. A pamwamba amawerengera chobwerera: kudina kamodzi ndi 150, kawiri ndi 149. Ndiye kuti nambala ya kudina umaichotsa pa 151. Ine ndinafuna 120, ndinadina ka 31. Pa Anduril 2 yatsopanoko, kugwirira batani kamodzi kumawerengedwa ngati 10, moti 31 ndi kugwirira katatu ndi kudina kamodzi. Masitepe ndinaika 4.

Mwina mukudabwa kuti munthu angagule tochi yamphamvu n'kuidula mapiko. Milingo ya Anduril anaikonza motsata mmene diso limaonera, osati mmene moto umathera. Kuchoka pa 120 kufika pa 150 diso limangoona kuti kwaonjezereka pang'ono, koma batire limalipira kwambiri, ndipo kutentha konse kuli komweko. Diso la munthu ndi choncho: kuti liti kuwala kwaonjezereka kawiri, nyali iyenera kutulutsa mwina kanayi. Ndiye pa 120 ndimataya zochepa zimene ndingazione, koma tochi imakhala nthawi yaitali isanayambe kudzitsitsa. Turbo, kuwala konse kwa pa 150, sinachoke, ndikaifuna ndimakwera pa sitepe yomaliza n'kudina kawiri. Ndimaifuna mwa apo ndi apo, monga pamene china chake chafwenthera m'bango ndipo ndikufuna kudziwa ngati ndi mvuu.

Sitepe yoyamba, yotsikitsitsa ija, ndi imene anzanga amaiseka, koma ndi imene imandithandiza koposa. Ukaunika kabuleta kapena pulagi ndi kuwala kwamphamvu, chitsulo chimakubwezera m'maso, ukatembenuka kuti utole sipanala suona kanthu. Kuwala kochepa kumasiya maso ali ozolowera mdima. Komanso amene amakhala kunyanja akudziwa zimene nkhungu, tizilombo touluka ta panyanja, imachita ikaona nyali. Masiku ake, ukayatsa yowala kwambiri imadzaza pankhope, m'kamwa, ndi m'kabuleta imene watsegula. Pa sitepe yoyamba imabwerabe, koma ntchito imagwirika. Ndipo a siginala, oyatsa nyali zokopera usipa, akamayesa nyali zawo pagombe safuna wina aziwathira kuwala m'maso.

Chachiwiri ndi kukumbukira. Mwachibadwa tochi imayaka pa mlingo umene unaizimitsira. Ngati mwana anaisiya pamwamba, usiku ukayatsa m'neti umadzutsa nyumba yonse. Ukaiika pa mlingo umene umaukonda n'kudina ka 10 ili yoyaka, kuyambira pamenepo izidzayaka pomwepo nthawi zonse. Yanga imayakira pa sitepe yachiwiri. Ukafuna kuyambira pansi penipeni, umangogwirira batani ili yozima.

Tsopano nkhani ya kutentha, imene kwa ife a m'mphepete mwa nyanja ndi yaikulu. Anduril imabwera ndi malire a madigiri 45. Tochi ikayandikira pamenepo imayamba kutsitsa kuwala. Kumaiko ozizira mpata ndi waukulu, koma ku Salima mu Okutobala tochi imakhala yofunda kale isanayake, ndiye 45 imafika msanga. M'nyengo ya mwera sindinkaona vuto, mphepo ija inkaiziziritsa. Kutayamba kutentha, ngakhale pa 120 inkatsika mofulumira kuposa kale. Pali zinthu ziwiri zokonza. Tochi ili yozima udine katatu, iyamba kunena za batire, udinenso kawiri, iyamba kuphethira madigiri amene ikumva. Kachipu kaja sikayeza molondola kwenikweni ngati sunakauze zoona, choncho tochi ikhale itazizira bwino, uyerekeze ndi thermometer. Ine ndinagwiritsa ntchito imene ili pa multimeter yanga. Ngati zasiyana, 7H, usiye pa kuphethira koyamba, udine nambala ya madigiri enieni. Kuphethira kwachiwiri ndi kwa malire, ndipo kumawerengera kuyambira pa 30: kudina ka 20 ndi madigiri 50. Ndi pamene ndinaika ine. Pa 50 imagwirika m'manja koma umaimva. Kupyola apo sindingalangize munthu, chifukwa batire la lithium silikondana ndi kutentha.

Kunyumba nkhani ndi ina. Mayi a kunyumba ataona ndikuwerenga kuphethira ndi kakope pambali anangoti, "Bambo a ana, tochi mpaka homuweki? Ine ndikufuna yoti ndikadina iyake, ndikadina izime." Sanalakwe, ndipo Anduril inawaganizira. Uli ku Advanced UI, tochi yozima, 10H imatsegula kosinthira Simple UI, komwe umaikanso malire a pansi, a pamwamba ndi masitepe. Ukatha udine ka 10 wamba, yabwerera ku dongosolo lophweka, ndipo munthu ngakhale adine mwachisawawa sangasokoneze zimene waika. Masiku amene sindipita kugombe ndimaisiya choncho. Magetsi akazima amaiimika chagada patebulo, kuwala kumagunda kudenga n'kumwazika m'chipinda, ana n'kumalemba ntchito ya kusukulu.

Pali kena kamene sindinkakayembekezera kuti ndidzakakonda. Ku Advanced UI, 5H ili yoyaka imaika nthawi yozimira, kuphethira kulikonse ndi mphindi 5. Imatsika pang'onopang'ono mpaka kuzima yokha. Wamng'ono wathu amaopa mdima, ndiye timaiika mphindi 15, ikamazima iye wagona kale. Zina monga kuthwanima ngati kandulo, ziphaliwali ndi SOS zilimo, ndinaziona n'kuzisiya.

Kuyeza batire ndi chinthu chimene tochi iliyonse inayenera kukhala nacho. Kudina katatu ili yozima, imaphethira mavoti: katatu, kupuma, ka 8, ndiye kuti 3.8. Lodzaza ndi 4.2. Ikatsika cha m'ma 3.5 ndimatchaja, sindidikira kuti ifike pansi pa 3.0 pamene imayamba kudzitsitsa yokha kuti iteteze batire. Ndimatchajira pa sola ya kunyumba ndi chingwe cha foni. Apa ndichenjeze anzanga pa mabatire a 18650 a pamsika olembedwa 9900mAh. Limenelo ndi bodza la poyera. Enieni ambiri ali pakati pa 2500 ndi 3500mAh. Abodzawo amapepuka m'manja, ndipo ukawaika mu tochi yotere amagwa mavoti ukangokweza kuwala. Ndi bwino kupeza lochoka m'batire la laptop kwa wokonza mafoni amene angaliyeze, kusiyana ndi la manambala akuluakulu.

Nyenyezi imodzi ndaichotsa pa zifukwa izi. Kabuku kake ndi ka Chingerezi chokha, zilembo zazing'ono, ndipo chithunzi cha mizere yolozerana chimafuna munthu wodekha. Tochi ilibe sikirini, ndiye ukasokoneza kuwerenga pakati pa 31 siikuuza, umadzangoona kuti kuwala sikuli mmene umafunira, n'kuyambiranso. Batani ndi lofewa, m'thumba imatha kuyaka yokha, ndipo ikayaka pamwamba imaotcha nsalu. Mankhwala ake ndi kudina kanayi kuti itsekeke, kapena kumasula pang'ono chivundikiro cha kumbuyo, koma uyenera kukumbukira nthawi zonse. Kanyali ka m'batani kamayaka ngakhale tochi ili yozima, n'kothandiza kuipeza mumdima koma kamadya batire pang'onopang'ono. Kudina ka 7 ili yozima kumasintha kawalidwe kake, ine ndinakaika kotsika. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kalabala kotseka pa USB-C. Mchenga wa pagombe umalowa m'mphepete mwake, ndipo ngati sunakakanikize bwino, zoti tochi siilowa madzi uziiwale. Yanga yanyowapo ndi mafunde ndipo ili bwino, koma ndimakayang'ana ndisanakwere boti.

Ena amapitirira pamenepa, amalowa mu firmware yeniyeniyo. Anduril inalembedwa m'chinenero cha C ndipo ili pa webusaiti ya GitHub. Munthu akhoza kusintha mndandanda wa milingo 150 ija, kuchotsa zimene sazifuna, n'kuilowetsanso m'kachipu pogwiritsa ntchito kachipangizo ka USB kokhala ndi timapini togunda pa driver. Ma ATtiny akale amafuna kachipangizo kotchedwa USBasp, atsopano ngati ATtiny1616 amafuna ka UPDI. Fayilo iyenera kukhala ya tochi yako yeniyeni, ndipo kudina ka 15 ili yozima kumaphethira nambala ya firmware imene ilimo. Mnyamata amene amandithandiza ntchito amalimbikira kuti, "Abwana, tiyeni tiitsegule tiikemo yathu." Ndamukaniza. Zonse zimene mekaniki, mlonda kapena wogula nsomba angafune zikutheka ndi batani, ndipo kachipangizoko n'kofunikanso kuitanitsa kunja.

Manambala anu onse muwalembe papepala. Zikasokonekera pali njira yobwezera zonse mmene zinabwerera, 13H ili yozima, kugwirira mpaka iwale mwamphamvu. Imafufuta malire, masitepe ndi kukumbukira komwe. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti pochita zimenezi imadziyezanso kutentha yokha, n'kutenga ngati pamalopo pali madigiri 21. Mukachita zimenezi masana a Novembala ku Salima, m'nyumba ya malata muli madigiri 33, tochi izidziona ngati yazizira ndi madigiri 12 kuposa zoona, ndipo malire a 45 aja adzakhala 57 m'dzanja lanu. Mukangoibweza, bwererani koyeza kutentha muikemo nambala yeniyeni musanaipatse mwana.