Kumwetulitsa nkhope ya 3D: shape key kapena mafupa?

Mu Blender, pulogalamu yopangira zithunzi za 3D, njira ndi ziwiri. Shape key, yomwe mu pulogalamu ina yotchedwa Maya amaitcha blendshape, ndi kuumbiratu nkhope yomwetulira n'kumaisuntha kuchokera pa 0 kufika pa 1. Njira inayo ndi kuika timafupa m'milomo ndi m'masaya kuti tizikoka khungu.

Pamaonekedwe shape key ndi patali. Kumwetulira kwenikweni si kwa milomo yokha: masaya amakwera, zikope zam'munsi zimafinyika, mzere wochokera pamphuno kutsikira pakamwa umazama. Zonsezi mumaumba nokha. Timafupa tikapanda kugawiridwa bwino khungu, tsaya limapindika ngati pepala.

Pakayendedwe mafupa amaposa. Shape key imayendetsa vertex iliyonse (kadontho kalikonse kopanga nkhopeyo) mowongoka, ndiye pa 0.5 milomo imatha kulowa m'mano. Fupa limazungulira motsata mano.

Kusintha thupi pambuyo pake kumavuta ndi shape key, moti Blender imakana kuchita apply modifier, kutanthauza kukhazikitsa kwamuyaya zosintha za chida chosinthira maumbidwe. Mafupa savuta choncho.

Ojambula nkhope ndi iPhone asankhe shape key, poti ARKit, pulogalamu ya Apple yotsata kayendedwe ka nkhope, imagwiritsa ma shape key 52, ambiri a iwo kumanzere ndi kumanja padera. Opanga magemu okhala ndi zidole zambiri atenge mafupa. Wamafilimu aphatikize: fupa pachibwano, shape key pamasaya.